Dzuwa ndi Wailesi ya a Chikopa

Mchimwene wanga Kings amakonza mawailesi ku Biwi, ndipo ndineneretu kuti ntchito yake amaidziwa. Chimene chinatsala pang'ono kumulanditsa mkazi si umbuli ayi, koma chizolowezi cha anthu a ntchito yakeyo. Wokonza mawailesi sabweza wailesi tsiku lomwelo, komanso sanena kuti sanapeze vuto. Akuti ukatero mwini wake amakuyesa wosadziwa ntchito, mawa n'kupita kwa wina. Choncho ngakhale vuto litakhala batire loikidwa chozondotsa, wailesi imagona pashelefu masiku awiri, kenako mwini wake amauzidwa matenda aakulu. Matenda amene Kings ankakonda kutchula anali a madzi. Ankapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti munalowa madzi, ndipo palibe ankatsutsa, poti ndani amakhala m'nyumba mopanda madzi?

Ine ndine Eva, woyamba kubadwa m'banja mwathu. Ndimagulitsa kaunjika, ndipo chimwalirireni makolo athu, ndine mayi ake a Kings, kaya iye akufuna kaya sakufuna. M'chaka cha 2003 mnyamatayu anapeza mbeta, Atupele, mtsikana wodekha amene ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu kutauni. Makolo a Atupele ali ku Zomba, koma nkhani yonse anaisiya m'manja mwa amalume ake, a Laws Chikopa a ku Kawale, amene anamulera. Ankhoswe athu anapitako kawiri, zonse zinayenda bwino, kunangotsala kuti a Chikopa atchule tsiku la chinkhoswe. Tsikulo ndi limene linavuta. Ogasiti anatha, Seputembala anatha, iwo akungoti akuganizabe. Ine n'kuti nditagula kale tambala wa pachinkhoswe, ndipo tambalayo ankangondithera madeya ndi kundidanitsa ndi aneba.

A Chikopa anali dalaivala wa malole wopuma pantchito, munthu wosaseka wamba. Chuma chawo chachikulu chinali wailesi yakuda, yolemera ngati mwana wa chaka, imene anagula ku Harare kalekale. Sankamverapo nyimbo. Ankaika pa shotiwevu, mbali ija imene imakoka mawu a mayiko akutali, n'kumamvera nkhani za ku Ulaya m'mawa ndi masana, kenako madzulo n'kukazigawa kwa anzawo pabawo. Akazi awo, mayi Vaileti, ndi amene ankatikonda poyera. Kings akafika ankamupatsa mpando wabwino ndi kapu ya thobwa, n'kumamunong'oneza kuti asataye mtima, mkuluyo ndi wouma kunja kokha.

Tsopano ndikuuzeni za a Ralph, chifukwa popanda iwo nkhani ino palibe. A Ralph ankakonza mawotchi, ndipo katebulo kawo kanali kumapeto kwa khonde lomwelo la shopu ya Kings. Anali bambo wowonda, wa zaka za m'ma fifite, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Matenda awo anali kumwamba. Tsiku lina nditatsegula belo la zikwama ndinapezamo bayinokula yothyoka, chipangizo chija choonera zinthu zakutali, itatsala diso limodzi. Palibe akanaigula, ndiye ndinawapatsa a Ralph, osadziwa kuti ndikuthira palafini pamoto.

Kuyambira pamenepo masana alionse ankatuluka pabwalo ndi bayinokulayo komanso pepala loyera. Sankasuzumiramo ayi. Ankachenjeza aliyense kuti ukayang'ana dzuwa ndi chimenechi, diso limapsa usanaphethire n'komwe. Iwo ankangoilozetsa kudzuwa, kuwala n'kudutsamo n'kukagwera papepala, ndipo papepalapo pankaoneka dzuwa lozungulira bwinobwino ngati sosala. Akatero ankajambula timadontho takuda timene ankati tili padzuwa, n'kulemba tsiku ndi nthawi m'kope la ana asukulu, poti nthawi ndiyo inali ntchito yawo. Anthu a pamzerepo ankawatcha a Dzuwa. Ine ndinkawauza kuti khama limeneli akanaliika pofuna mkazi, bwenzi pano ali ndi zidzukulu. Ankangomwetulira n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chakumapeto kwa Okutobala, kutentha kutafika poti malata ankalira okha, a Ralph anasokonekeratu. Ankati padzuwa patuluka madontho aakulu amene sanawaonepo chiyambire. Makasitomala ankaima ndi mawotchi awo m'manja, iwo ali pabwalo, atawerama papepala, thukuta lili kamukamu.

Lachinayi la sabata imeneyo, cha m'ma hafu teni m'mawa, wailesi ya a Chikopa inasiya kulankhula. Mawu anangozimirira, kunatsala phokoso ngati la mvula. Mkuluyo anapotokola uku ndi uku osaphula kanthu, ndipo mopsa mtima anachotsa mabatire, anaikulunga m'chitenje, n'kumupatsa Atupele madzulo kuti akamupatse mnyamata wake uja, aonetse zimene amadziwa.

Ndinalipo Lachisanu m'mawa pamene Kings anaimasula. Anaika mabatire, ndipo mzungu wowerenga nkhani anayamba kulankhula momveka ngati ali pakhonde pomwepo. Anaitsegula kumbuyo, anayeza waya aliyense, anagogoda apa ndi apo, koma sanapeze kanthu. Wailesi inali yamoyo kuposa ine. Apa m'pamene a Ralph anatsokomola kuchokera pakatebulo kawo, n'kunena kuti kawailesi kawonso kanakhala chete dzulo lake nthawi yomweyo, n'kudzabwerera kokha patatha ola. Anati akuganiza kuti ndi dzuwa, ndipo anamvapo zotero papulogalamu ya sayansi.

Kings anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anafunsa ngati a Ralph akufuna kuti iye akaime pamaso pa apongozi ake n'kunena kuti wailesi yawo inalodzedwa ndi dzuwa. Nanenso ndinaseka, sindibisa. Ndipo choipa kwambiri, ndine amene ndinamuuza kuti mwayi wake ndi umenewu, aipukute iwale, mkulu uja aone kuti akupereka mwana wake kwa munthu wa luso. Kings anauzira fumbi, anapukuta ndi kansalu, n'kuigoneka pashelefu monga mwa mwambo.

Loweruka anapita nayo ku Kawale atavala malaya oyera. Anawauza a Chikopa kuti munalowa madzi, wawaumitsa, wasinthanso kachipangizo kamodzi kamene kanachita dzimbiri. Mkuluyo anayatsa, mzungu analankhula, ndipo akuti nkhope yawo inamasuka koyamba chiyambire. Ananena kuti Lachiwiri masana Kings abwere ndi mlongo wake tidzadye limodzi, ndipo akadzatha kumvera nkhani za wani koloko adzatipatsa tsiku loti tikawauze ankhoswe athu. Kings anabwera kwathu akuimba mluzu.

Lachiwiri tinafika dzuwa lili paliwombo, chithunzithunzi cha munthu chitabisala pansi pa mapazi. Atupele anali kuntchito. Kings anakhala pabalaza ndi a Chikopa, ine ndinazungulira kuseri kukathandiza mayi Vaileti. Ndinawapeza akusenda tomato, koma sanali mayi Vaileti amene ndinkawadziwa. Anandilonjera motsitsa, maso ali pansi. Nditawafunsa ngati akudwala, anayamba akana, kenako anandiuza.

Chichokereni Kings Loweruka lija, amuna awo sanawalankhule. Anangonena mawu amodzi, akuti m'nyumba muno amene amapukuta kabati ndi kansalu konyowa ndi mmodzi yekha. Kuyambira pamenepo anawaletsa kuyandikira pamene pamakhala wailesi, ndipo chakudya ankadya okha pabalaza, mayiwo n'kumadyera kukhitchini ngati wantchito. Zaka makumi atatu ndi zinayi akhala akupukuta wailesi imeneyo ndi kansalu kouma.

"Koma mwina ndine ndithu, mwana wanga," anatero mayi Vaileti. "Ukalambawu umaiwalitsa. Kings sanganame, ntchito yake ndi imeneyo."

Ndinawamvera chisoni mayi aja, ndipo ndinadzimvera manyazi, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe kumene madziwo anachokera. Komabe ndinatseka pakamwa panga n'kupitiriza kuduladula anyezi. Tsiku la chinkhoswe linali litatsala mphindi makumi awiri kuti lituluke.

Wani koloko itakwana tonse tinaitanidwa pabalaza, kupatula mayi Vaileti amene anaima pakhomo. A Chikopa anayatsa wailesi mwaulemu ngati akutsegula Baibulo. Mzungu anayamba bwinobwino, anatchula mitu ya nkhani. Ali pakati pa nkhani yoyamba, mawu ake anayamba kuchepa, kuchepa, ngati munthu amene akulowa m'chitsime, mpaka anatheratu. Kunatsala kaphokoso ka mvula kaja, kenako nakonso kanachepa.

A Chikopa anapotokola kuchoka kumapeto mpaka kumapeto. Kunalibe Mzungu, kunalibe Mpwitikizi, kunalibe ngakhale Mswahili. Anakweza waya wa mlongoti, anautsitsa. Kenako anasiya, anapinda manja, n'kumuyang'ana Kings.

"Bambo," anatero, "munati mwakonza."

Kings anadzuka kuti aigwire, koma mkuluyo anaika dzanja pamwamba pa wailesi. Ananena modekha, ndipo kudekhako n'kumene kunandiopsa, kuti munthu amene walephera kusamala bokosi la mawaya masiku atatu, iwo sakuona kuti angasamale bwanji mwana wa mlongo wawo moyo wonse. Anati tipite, adzatiitana akadzaganiza. Chakudya chinatsala patebulo osachivundukula.

Kuchoka ku Kawale kupita ku Biwi si patali, koma tsiku limenelo msewu unatalika. Ndinamulalatira Kings njira yonse. Ndinamuuza za mayi Vaileti, za kansalu kouma, za kudyera kukhitchini. Ndinamunena kuti ndi wabodza, wopanda chisoni, ndipo ndinaiwala dala kuti malangizo ena anachokera kwa ine. Nditatchula mawu a mayi Vaileti aja oti Kings sanganame, anaima pakati pamsewu mpaka kondakitala wa minibasi anamutukwana.

Titafika pashopu tinapeza a Ralph akuvinavina pabwalo ngati mwana amene wapatsidwa nsapato zatsopano. Sindinawaonepo chotero. Anatikokera mkati n'kuyatsa mawailesi anayi amene anali okonzedwa kale pashelefu. Onse pa shotiwevu anali zii. Atawatembenuzira pa FM, onse anayamba kuimba nyimbo za kwathu konkuno. Anati zayamba itangopitirira wani koloko, alemba m'kope, ndipo lero ndiye zakula kuposa Lachinayi.

Ine za sayansi sindizidziwa, koma malonda anandiphunzitsa kuti umboni sugona. Ndinawauza a Ralph kuti anyamule diso lawo limodzilo, pepala ndi kope, tikupita ku Kawale pompano zisanathe. Anayamba kudandaula za katebulo kawo, ine ndinakakankhira m'shopu n'kukhoma loko ndekha. Ndisanakhome, Kings anafuna kunyamula mawailesi a pashelefu, ndinamuletsa. A Chikopa akanangoti mawailesi a kwa wokonza ndi odwala kale.

Titalowa mumzere wa a Chikopa ndinayamba kugogoda m'makomo mwa aneba awo. Kaunjika amakudziwitsa kwa anthu, ndipo theka la azimayi a kumeneko anavalapo zanga. Posakhalitsa ndinali ndi mawailesi atatu, ndipo eni ake ankanditsatira pambuyo kuti aone kumene akupita. Tinafika pakhomo pa a Chikopa ngati gulu la kwaya.

Mkuluyo anatuluka nkhope ili gwaa. Ndinagwada, ndinapepesa chifukwa chobwerera tisanaitanidwe, n'kupempha kuti angotipatsa mphindi zisanu. Ndinandandalika mawailesi aja pakhonde n'kuuza eni ake kuti aliyense ayatse yake yekha, Kings asakhudze. Onse pa shotiwevu anali chete. Bambo wina wa nyumba yoyandikana nayo anadabwa, anati yake inkalankhula m'mawa womwewo. Nditawapempha a Chikopa kuti ayese yawo pa FM, mbali imene sankaigwiritsa ntchito n'komwe, anachita monyinyirika, ndipo munatuluka nyimbo ya kwaya mokweza mpaka nkhuku zinabalalika.

Apa a Ralph anayala pepala lawo pansi n'kulozetsa bayinokula kumwamba. Anayamba achenjeza ana amene anasonkhana kuti wina asayerekeze kuyang'ana dzuwa, aliyense ayang'ane papepala basi. Dzuwa linagwera papepalapo, loyera. Ndipo madontho analipo ndithu. Ine ndinkayesa kuti a Ralph amangojambula za m'mutu mwawo, koma ndinawaona ndi maso angawa, magulu atatu akuda ngati ntchentche zitatera m'mbale ya mkaka, gulu lalikulu lili chapakati penipeni. Mayi wina anati mwina ndi litsiro la pagalasi. A Ralph anapukuta galasi, anazunguza bayinokula, madontho anakhala pomwepo.

A Chikopa anagwada pansi, munthu amene sindinamuonepo akuwerama. Anafunsa kuti kadontho kameneka n'kakakulu bwanji. A Ralph anayankha kuti dziko lathu lonseli, ndi Harare yemwe, likhoza kulowamo kangapo n'kutsalabe malo. Kenako anafotokoza mwa njira yawo yotsitsa ija. Anati mawu ochokera kutali sabwera molunjika, amakwera kaye kumwamba n'kukagunda chinthu chonga denga losaoneka, n'kubwerera pansi kwa ife. Pafupi ndi madontho amenewa dzuwa limaphulika nthawi zina, ndipo kuwala kwa kuphulikako kukafika kuno kumasokoneza dengalo, mawu n'kumangomezedwa m'mwamba momwemo. Za FM zimachokera pamlongoti wapafupi, sizidalira denga limenelo. Anati palibe wokonza mawailesi padziko lino amene angachitepo kanthu, mankhwala ake n'kudikira basi.

A Chikopa anayang'ananso papepala, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapeza nkhani yokagawa pabawo. Anadzuka, anasasa maondo, n'kunena pamaso pa anthu onse kuti mnyamatayu amunamizira, za lerozi si mlandu wake. Mtima wanga unabwerera m'malo. Ndinayamba kale kuwerenga Loweruka la mwezi wa Disembala m'mutu.

Kenako a Ralph, munthu wosadziwa pamene nkhani iyenera kuthera, anayamba kutsegula kope lawo kuti aonetse masiku ena. Ndinadziwa tsamba limene akufuna. Ndinawaponda chala mwamphamvu, ndipo anatseka kope n'kundiyang'ana modabwa. A Chikopa sanaone zimenezo. Iwo anangopitiriza kulankhula mosangalala, akuti zalero ndi dzuwa, chabwino, koma za Lachinayi zija ndiye tikuzidziwa, anali madzi. Ponena mawu amenewa anaponya diso kukhomo kumene kunaima akazi awo. Mayi Vaileti anaweramitsa mutu, aneba onse akuona.

Tikanangokhala chete, nkhani inali itatha bwino. Ndinamuyang'ana Kings ndi diso lija ndinkamuyang'ana nalo ali mwana tikakhala m'tchalitchi. Iye sanandiyang'ane. Anapita pakati pa bwalo, anagwada pafumbi ndi thalauza lake la Sande, osati kuyang'ana kwa a Chikopa koma kwa mayi Vaileti.

"Amayi, m'wailesi muja munalibe madzi," anatero. "Ndinaitsegula, sindinapezemo vuto lililonse, ndipo palibe chimene ndinasintha. Ndinaopa kunena kuti sindikudziwa, ndiye ndinanama. A Ralph anandiuza kuti ndi dzuwa, ine ndinawaseka. Mundikhululukire."

Kwaya ija inkaimbabe chapansipansi pa FM. Ndinakwiya kwambiri, ndinene zoona. Ndinaona miyezi itatu ya kudikira ikupita m'madzi chifukwa cha mnyamata amene wasankha kukhala woyera mtima pa tsiku lolakwika. Koma pansi pa mkwiyowo panali chinthu china, ndipo ndinazindikira kuti ndikumunyadira mwana wa mayi anga, kuposa tsiku limene anatsegula shopu.

A Chikopa anafunsa a Ralph ngati zili zoona. A Ralph anayang'ana kaye phazi langa, anasunthira kutali pang'ono, n'kutsegula kope. Panali polembedwa bwinobwino, Lachinayi, nthawi yake, ndi chithunzi cha madontho pambali. Mkuluyo anawerenga kawiri. Ndinadziwa kuti akusonkhanitsa mawu oti atithamangitsire kachiwiri, ulendo uno mpaka kalekale.

Sanapeze mpata. Mayi Vaileti anatsika pakhonde pang'onopang'ono, akupukuta manja pachitenje, n'kudzaima pakati pa amuna awo ndi Kings. Sanakweze mawu.

"Bambo a kuno, musanayambe," anatero. "Mwanayu wanama kamodzi, ndipo wagwada pafumbi anthu akuona, pamene akanatha kungokhala chete. Ine ndadyera kukhitchini masiku atatu chifukwa cha madzi amene sanagwe. Ndinafika pokhulupirira kuti mutu wanga wayamba kutha. Ndikudikira kuti ndione ngati m'nyumba muno muli winanso wodziwa kugwada."

Azimayi a pamzerepo anayamba kuyang'ana kumbali, ena akubisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. A Chikopa anacheuka. Anayang'ana wailesi yawo ngati ingawathandize, koma inkangoimba kwaya. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkuluyo anaona yekha kuti sangamukanthe Kings popanda kudziphwanya mwini. Anakanda kumutu, anatsokomola, n'kunena motsitsa kuti nkhani ya tsiku ija tifunse mayiwa, iwo lero pakamwa pawauma.

Mayi Vaileti sanachedwe, zikuoneka kuti tsikulo anali nalo kalekale. Anati Loweruka loyamba la Disembala, mvula isanakhazikike, ndipo ndikawauze ankhoswe athu lero lomwe. Ndinafuna kululutira, koma ndinadzigwira poona kuti sanamalize. Anamuuza Kings kuti adzuke, amukhululukira, koma mkamwini salowa pakhomo chimanjamanja. Mpopi wawo unali utauma kuyambira Lamlungu, ndipo masiku onsewo iwo ankatunga okha kukiyosiki kumunsi kwa msewu. Anati popeza iye ndi amene anabweretsa madzi m'nyumba muno ndi pakamwa, tsopano awabweretse ndi manja, mpaka mgolo wa kuseri udzaze.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zidebe zitatu, anaziika pansi. Kings anavula wotchi yake n'kupatsa a Ralph, anapinda malaya, ananyamula ziwiri, china kudzanja ili china kudzanja ilo, n'kuyamba kutsika msewu, ana akumutsatira ndi chiphokoso. Ine ndinawerama kuti nditenge chachitatu, poti pamlanduwu ndinali ndi gawo langa ngakhale palibe analitchula.

Dzanja lina linafika pachidebecho ine ndisanachigwire. Anali a Chikopa. Sanayang'ane munthu aliyense. Anachinyamula, anakonza chipewa chawo, n'kutuluka pageti kutsatira Kings, dalaivala wa malole wa zaka makumi asanu ndi awiri amene sanatungepo madzi chikwatirireni. Aneba anapatuka kuwapatsa njira, ndipo palibe anayerekeza kuseka.

Mayi Vaileti anaima pageti n'kumawayang'ana mpaka anakhota pakona. Kenako anapukuta m'maso ndi chikhatho, anatembenukira kwa ine ndi a Ralph, n'kutiuza kuti tilowe tidye zinthu zisanaziziretu. Iwo anakhala pabalaza, pampando wa amuna awo.